Mfumu yazingidwa pa katoni

 Inu amene mwangofika kuchokera kumunda, inu amene muli m'minibasi, inu amene mukusonkhezera moto kuti nsima ipse, takulandirani. Sendezani mpando ticheze.

Ndiyambe ndi funso. Kodi munasewerapo masewera oti mbali ziwiri sizofanana? Ganizani bwino. Pa bawo, nkhomo zanu ndi zanga zimakhala zofanana. Pa dirafuti n'chimodzimodzi. Pa mpira, timu ikachepa munthu mmodzi, ochemerera amayamba kudandaula. Tinazolowera kuti masewera achilungamo ndi oyamba mofanana. Paja amati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi.

Lero ndikuuzani za masewera osiyana ndi amenewo. Ndi masewera a nkhondo, akale kwambiri, ochokera kumaiko ozizira a kumpoto kwa Ulaya. Wina amakhala ndi asilikali ambiri. Wina amakhala ndi ochepa, koma ali ndi mfumu. Wina akufuna kugwira. Wina akufuna kuthawa. Dzina lake ndi hnefatafl. Lilime limavutika nalo, ndikudziwa. Mawu akumapetowo, tafl, m'chiyankhulo chawo chakale ankatanthauza thebulo kapena thabwa losewererapo. Ine ndi mnzanga sitivutika nalo dzinali. Timangoti, tiyeni tikazinge mfumu.

Choyamba ndikuuzeni za mnzangayo, chifukwa popanda iye sindikanawadziwa masewerawa.

Tinaphunzira limodzi ku sekondale. Tinkagona chipinda chimodzi, tinkagawana chigumu ndi sopo. Kenako iye anapita ku Scotland kukagwira ntchito yosamalira okalamba. Anakhalako zaka zambiri. Atabwerako, ndinapita kukamuona Loweruka lina masana. Tinakumbatirana. Tinakhala pakhonde. Ndinafunsa za ulendo, iye anafunsa za ana. Tinakamba za mvula, tinakamba za mtengo wa feteleza. Kenako zii. Nkhani zinaphwa ngati chitsime cha mwezi wa Okutobala.

Kodi zinakuchitikiranipo zimenezi? Munthu woti munkadya naye mbale imodzi, lero mwakhala naye mpando umodzi koma mukusowa poyambira? Zimapweteka. Ine zinandipweteka. Ndinayamba kuyang'ana dzuwa kuti ndipeze chifukwa chotsanzikira.

Iye anadzuka n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi katoni ya sopo, rula, bolopeni ndi kachitini kodzaza zitsekerero za mabotolo. Anatambasula katoni ija pa kathebulo. Anajambula mizere, tizipinda 9 m'litali, 9 m'lifupi. Kachipinda kapakati penipeni anakadetsa ndi bolopeni. Anati, "Achimwene, apa ndi pampando wa mfumu." Anaikapo chitsekerero chachikasu cha botolo la mafuta ophikira, chachikulu kuposa zinzake. Imeneyo ndiyo inali mfumu.

Mozungulira mfumu anaika alonda 8, awiri kutsogolo, awiri kumbuyo, awiri kumanja, awiri kumanzere, ngati mtanda. Amenewa anawagoneka chagada. M'mphepete mwa katoni, mbali zonse zinayi, anaika magulu a ozinga, onse pamodzi 16. Amenewa anawagoneka chafufumimba kuti tisawasokoneze. Ndinayang'ana katoni ija. Mfumu pakati, adani kum'mawa, kumadzulo, kumpoto ndi kum'mwera. Nkhondo isanayambe, mfumu yazingidwa kale.

Tsopano mvetserani malamulo ake, chifukwa ndi ochepa ndipo mukhoza kuwasunga m'mutu.

Msilikali aliyense amayenda molunjika, kutsogolo, kumbuyo kapena cham'mbali, mtunda umene akufuna, bola njira ikhale yoyera. Sadumpha mnzake. Sayenda chopendama ngati pa dirafuti. Amene mumadziwa chesi, ndi mayendedwe a kansanja kaja ka pangodya.

Nanga kudya? Apa ndiye pali kukoma. Simudya podumpha. Mumadya popana. Mdani akakhala pakati, wanu wina mbali iyi, ndiye mubweretse wina mbali inayo, mwamupana, wachoka. Msilikali mmodzi payekha sangadye kanthu. Akulu akale anati chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo masewera onsewa anamangidwa pamfundo imeneyo. Koma munthu akalowa yekha pakati pa adani awiri, mwa kufuna kwake, sadyedwa. Amadyedwa ndi amene wapanidwa.

Ndipo kupambana kwake n'kotere. Mfumu ikafika m'mphepete mwa katoni, yapulumuka, mwini wake wapambana. Ozinga akaipana mfumu isanafike, apambana ndi iwo.

Ndibwereze. Kuyenda molunjika. Kudya popana. Mfumu ithawire m'mphepete. Basi.

Mnzanga anandipatsa ozinga. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinali ndi asilikali ochuluka kawiri kuposa iye, ndiye ndiope chiyani? Ndinayamba ndi mphamvu. Ndinapana mlonda wake mmodzi, ndinaika chitsekerero pambali. Ndinapana wachiwiri. Wachitatu anangomusiya poyera, ndipo ndinathamangira kukamudya. Iye osadandaula. Anangogwira chibwano, maso pa katoni. Kenako anaika chala pa chitsekerero chachikasu chija n'kuchikankha pang'onopang'ono, tizipinda titatu kumanja. Anati, "Achimwene, mwaiona njira?"

Ndinayang'ana. Kutsogolo kwa mfumu kunali njira yoyera mpaka m'mphepete. Kumbuyo kwake kunalinso njira ina yoyera. Ndikatseka iyi, atulukira iyo. Asilikali anga amene anayenera kulondera njira zimenezo anali pakati pa katoni, kumene ndinawatuma ndekha kukadya. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Munayesapo kugwira nkhuku pabwalo? Alendo afika, mayi atuma ana kuti agwire tambala. Ana akathamangira onse pamodzi, aliyense akufuna kuti agwire ndi iye, tambala amadutsa pakati pa miyendo n'kulowa m'chimanga. Koma pakakhala wamkulu wodziwa, amati, iwe ima apo, iwe tseka kuseri kwa nkhokwe, iwe usasunthe. Amayandikira pang'onopang'ono, manja otambasula, mpaka tambala asowe kolowera. Umo ndi mmene wozinga amapambanira. Samapambana ndi kudya. Amapambana ndi kutseka mipata. Asodzi a kunyanja akudziwa zimenezi. Khoka silikokedwa mothamanga.

Ndinafuna kubwereza pomwepo ndi ozinga omwewo. Mnzanga anakana. Anati masewerawa satha ndi ulendo umodzi. Popeza mbali sizofanana, amene anazinga ayenera kukhalanso mfumu. Mukatero m'pamene mumadziwa katswiri. Anatembenuza katoni. Chitsekerero chachikasu chinakhala changa.

Omvera, apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse pang'ono.

Kukhala mfumu pa katoni imeneyi n'kosiyana kotheratu. Ukayang'ana uku, adani. Ukayang'ana uko, adani. Ndipo chinthu choyamba chimene umazindikira n'chakuti amene akukutsekera njira si adani okha. Alonda ako omwe, amene akukuteteza, ndi amene akupanikiza. Mfumu singasunthe mpaka mlonda wina achoke. Ndiye uyenera kumutumiza kunja, kumene angapanidwe. Umasankha wekha kuti apite ndi uyu. Ndi chitsekerero cha botolo chabe, inde, koma dzanja limazengereza.

Ine ndinazengereza kwambiri. Ndinasunga alonda anga pafupi, ngati nkhuku yofungatira anapiye. Mnzanga sanafulumire kudya. Anangosuntha msilikali mmodzi uku, wina uko, mwakachetechete, ngati munthu akumanga mpanda wa udzu. Poyamba sindinaone chimene ankachita. Nditadzaona, mpanda unali utatsala pang'ono kukumana. Ndinatulutsa mfumu mochedwa. Inathamangira kumanzere, anatseka. Inabwerera, anatseka. Pomaliza anaipana pakati pa asilikali awiri, tizipinda tiwiri tokha kuti ifike m'mphepete.

Tinakhala chete, koma chete wake sanali ngati uja wapoyamba. Mlamu anabweretsa tiyi ndi mbatata. Mnzanga anatola chitsekerero chachikasu chija n'kumachitembenuza m'manja. Anati, "Mwamva mmene zimamvekera, achimwene? Ine ndakhala pakati pamenepa zaka zonse zija."

Ndipo anayamba kuyankhula. Anandiuza za nyengo yozizira ya ku Scotland, pamene mdima umagwa anthu asanaweruke kuntchito. Anandiuza za ntchito ya usiku, kutembenuza agogo a eni, kuwasambitsa, kuwamwetsa mankhwala, pamene mayi ake omubereka ankadwala kuno. Anandiuza za foni yolira mbandakucha, uyu akufuna fizi, uyu akufuna malata, onse ndi abale, onse amamukonda, koma palibe wofunsa kuti iwe wagona bwanji. Anandiuza za maliro a bambo ake amene anawaonera pa foni. Masewerawa anaphunzitsidwa ndi nkhalamba ina imene ankaisamalira. Inkasowa tulo, ndiye usiku ankayala thabwa n'kumasewera.

Zonsezi sakanandiuza titangoyang'anizana maso ndi maso. Ife amuna ambiri timavutika kutero. Koma maso akakhala pa katoni, manja ali ndi chogwira, pakamwa pamatseguka pokha. Amene mumakhala pa bawo pansi pa mtengo wa mango mukudziwa. Nkhani zenizeni zimatuluka munthu akuwerenga nkhomo.

Tsopano titembenuke. Kodi masewerawa anachokera kuti, ndipo anafika bwanji pa katoni ya sopo?

Eni ake anali anthu a ku Norway, Sweden ndi Denmark, amene mbiri imawatchula kuti ma Viking. Anali akatswiri a zombo. Ena anali alimi, ena amalonda, ena achifwamba. M'chaka cha 793 anaukira nyumba ya amonke pa kachilumba ka Lindisfarne ku England, ndipo kuchokera pamenepo dzina lawo linkanjenjemeretsa anthu a m'mphepete mwa nyanja kwa zaka mazana angapo. Ankaotcha midzi. Ankagwira anthu n'kukawagulitsa ukapolo. Sindikuwatamanda pa zimenezo. Dziko lathu lino likuudziwa ululu umenewo, agogo athu anamangapo malinga n'kuthawira m'mapiri. Nkhondo imene ndikuikonda ine ndi ya pa katoni, yosasiya mkazi wamasiye.

Kulikonse kumene anthu amenewa ankapita, ankanyamula thabwa lawo. Masewerawa anafika ku Iceland, ku Ireland, ku Scotland ndi ku Wales. Ndipo ankawalemekeza kwambiri, moti ena ankaikidwa nawo m'manda. Mu 1880, pa malo otchedwa Gokstad ku Norway, anafukula chombo chathunthu chimene munaikidwa mtembo wa munthu wolemekezeka. Mwa katundu wake munali chidutswa cha thabwa losewererapo. Ku Birka, m'dziko la Sweden, kuli manda ena otchuka. Munali lupanga, nkhwangwa, mkondo, mivi, zishango, akavalo awiri, komanso tizidutswa ta masewera. Kwa zaka zoposa 100, ambiri ankati amenewa ndi manda a mwamuna wankhondo. Mu 2017 akatswiri atayeza mafupa aja, anapeza kuti anali mayi. Amayi amene mukumvetsera, mwamva? Pa thabwa limeneli malo anu alipo kuyambira kale.

Nanga masewera okondedwa chonchi anazimirira bwanji?

Kunabwera mlendo. Mlendoyo ndi chesi. Chesi inabadwira ku India, inadutsa ku Persia, Aluya anaitenga n'kuifikitsa ku Ulaya. Inali ndi akavalo, inali ndi nduna, msilikali aliyense ndi mayendedwe ake. Mafumu ndi olemera anaikonda. Pofika zaka za m'ma 1100, anthu a kumpoto aja anali atayamba kuisewera, ndipo masewera a makolo awo anayamba kuikidwa pambali. Mnzanga anandiuza kuti ku Edinburgh, m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, anaona ndi maso ake tizidole ta chesi ta nthawi imeneyo. Anatipeza mu 1831 pa chilumba cha Lewis, tosemedwa ndi minyanga ya chinyama cha m'nyanja chotchedwa walrus. Tambiri tili ku London, tochepa ku Edinburgh. Pali msilikali wina amene akuluma chishango chake ndi mano chifukwa cha ukali. Pali mfumukazi imene yagwira tsaya, ngati mayi amene walandira uthenga woipa. N'tokongola. Koma tikusonyezanso nthawi imene mlendo analanda malo a mwini mudzi.

Ndipo mvetsani ichi. Palibe amene analemba malamulo onse a hnefatafl nthawi imene inkaseweredwa paliponse. Chifukwa chiyani? Chifukwa aliyense ankawadziwa. Ndani amalemba kaphikidwe ka nsima? Nthano zawo zimatchula anthu akusewera, akukangana, akupambana, koma sizifotokoza kaseweredwe kake. Ndibwereze. Palibe amene analemba, chifukwa aliyense ankadziwa. Odziwawo atatha, panatsala matabwa ndi tizidutswa m'manda, popanda wonena kuti kameneka kamayenda bwanji.

Apa m'pamene pakulowa mnyamata wina wa ku Sweden, dzina lake Carl Linnaeus. Ana a sukulu amene mukuphunzira sayansi ya zamoyo mukumudziwa. Ndi amene anakhazikitsa kachitidwe kopatsa chomera chilichonse ndi nyama iliyonse maina awiri a Chilatini. Mukamaloweza kuti chimanga ndi Zea mays, dzina limenelo anapereka ndi iyeyo. Mu 1732, atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 25, ananyamuka ku Uppsala kupita kumpoto kwenikweni, ku Lapland, kukafufuza zomera. Kumeneko kumakhala anthu otchedwa Asami, amene amaweta nyama zanyanga zotchedwa reindeer monga ife timawetera ng'ombe. Anawapeza akusewera masewera otchedwa tablut. Mfumu pakati, alonda 8, ozinga 16. A mfumu ankawatcha Aswidi, ozingawo ankawatcha anthu a ku Moscow. Anali masewera akale aja, atabisala kumpoto zaka mazanamazana kwina konse ataiwalika.

Linnaeus anapita kukafuna maluwa, osati masewera. Akanatha kungodutsa. Koma anakhala pansi, anaonerera, anajambula thabwa lija m'buku lake la paulendo, n'kulemba malamulo m'Chilatini. Analembanso mawu awiri amene osewera ankanena. Mfumu ikaona njira imodzi yotulukira, mwini wake ankachenjeza mnzake kuti raichi. Ikaona njira ziwiri nthawi imodzi, ankati tuichu, ndipo pamenepo nkhondo yatha. Kwathu kuno timati mapanga awiri avumbwitsa. Pa thabwa ili ayi. Mfumu yokhala ndi mapanga awiri ndiyo imapulumuka. N'zimene mnzanga anandichita ulendo woyamba uja.

Koma nkhani sinathere pomwepo. Buku la Linnaeus linadzasindikizidwa m'Chingerezi ku London mu 1811, iye atamwalira kale. Womasulira analakwitsa pa lamulo limodzi lofunika kwambiri, la kagwiridwe ka mfumu. M'Chingerezimo zinamveka ngati mfumu iyenera kuzingidwa mbali zonse zinayi kulikonse kumene ili. Anthu anayesa kusewera motero, ndipo mfumu inkangopulumuka pafupifupi nthawi zonse. Ambiri anati masewerawa ndi opunduka. Ena anayamba kuwonjezera malamulo awoawo kuti awaongole. Patapita nthawi yaitali, anthu ena anabwerera ku zolemba zenizeni za Linnaeus, n'kupeza kuti iye sananene zimenezo. Mfumu ikakhala pampando wake, imagwidwa ndi adani anayi. Ikakhala pafupi ndi mpando, atatu akwana, mpandowo umatseka mbali yachinayi. Koma ikatuluka kupita kutchire, imapanidwa ndi awiri ngati munthu wamba aliyense.

Lamulo limeneli ine limandigwira mtima. Mfumu ili ndi mphamvu pakhomo pake. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Koma pamkhatepo sangakhalepo mpaka kalekale, chifukwa mpanda ukuyandikira. Kuti ipulumuke iyenera kusiya mpando, ndipo ikangousiya, ulemu wake wonse watsala m'mbuyo. Nthawi yotuluka ndiyo mutu wa masewera onse. Ukatuluka msanga, ulibe okuteteza. Ukachedwa, ulibe njira.

Masiku ano masewerawa anadzukanso. Anthu amasewera pa intaneti. Pa kachilumba ka Fetlar ku Shetland, kumpoto kwa Scotland, anayambitsa mpikisano mu 2008. Ambiri amagwiritsa thabwa lokulirapo, ndipo mfumu imathawira pangodya m'malo mwa m'mphepete. Malamulo amasiyana malo ndi malo. Ndiye mukafuna kusewera ndi munthu, gwirizanani kaye musanayambe. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Tsopano tibwerere kwathu, chifukwa nkhani ya Linnaeus inandikumbutsa agogo anga aamuna.

Agogo ankakumba maenje pansi, kuseri kwa nyumba, mizere inayi yaitali. Ankasewera ndi timiyala ndi anzawo awiri kapena atatu, dzuwa likapendeka. Sanali bawo amene timamuona pa sitolo masiku ano, wa nyumba ndi kutakata. Unali mtundu wina, maenje ake ambiri. Ine ndinkakhala pambali n'kumatola timiyala tikagwera kutali. Ndikukumbukira fungo la fodya wawo. Ndikukumbukira mmene ankakuwira akadya. Maenje aja ndikhoza kuwakumba lero lomwe. Koma mutandifunsa kuti ankayamba bwanji, ankadya bwanji, ndingokhala chete. Sindinafunse. Ndinkaona ngati adzakhalapo nthawi zonse. Aliyense ankadziwa, ndiye palibe amene analemba.

Ndikufunseni inu. M'mudzi mwanu, ndani watsala wodziwa masewera a agogo anu? Kodi ana anu amadziwa kutakata? Amadziwa phada, amadziwa nsikwa? Kapena zala zawo zimangodziwa galasi la foni? Sindikunyoza foni. Mnzanga uja maliro a bambo ake anawaonera pa foni, ndipo popanda iyo sakanaona kalikonse. Koma ngati pali gogo pakhomo panu amene amadziwa masewera oti ena onse anaiwala, tengani kope ndi bolopeni, mukhale naye pansi. Musangolemba zimene akunena. Sewerani naye, kuti mukalakwitsa akudzudzuleni pomwepo. Womasulira wa ku London uja analibe womudzudzula.

Ena mwina mukuti, bambo inu, masewera a azungu akale atithandiza chiyani, ife tili ndi bawo wathu? Funso labwino. Bawo sindinamusiye, ndipo sindidzamusiya. Pa kuwerenga ndi kuona patali, bawo ndi mphunzitsi wamkulu. Koma pali chinthu chimodzi chimene ndinachipeza pa katoni ija chimene sindinachipeze kwina. Ndi kusinthana mipando. Pa bawo, ine ndi mnzanga timafuna chinthu chimodzi, ndipo mavuto athu ndi ofanana. Pa mfumu, vuto langa si vuto lake. Wozinga ali ndi anthu ambiri koma ayenera kulondera mbali zinayi, ndipo akalakwitsa kamodzi kokha, zatha. Wa mfumu ali ndi anthu ochepa ndipo mpweya umamuchepera. Aliyense amaona ngati mnzake ndiye zikumuyendera. Ine zaka zonse zija ndinkati mnzanga ali kunja, akudya bwino, watiiwala. Iye ankati ine ndili kwathu, pakati pa abale, ndilibe nkhawa. Katoni itatembenuzidwa m'pamene tinayamba kufunsana mafunso enieni.

Ndaonanso kuti khalidwe la munthu silibisika pamenepa. Mnzanga ndi wodekha. Amatha kukhala nthawi yaitali osagwira kanthu, mpaka tiyi kuzizira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo iye amawaona. Ine ndimakonda kutsegula nkhondo msanga, ndipo ndaphunzira kuti pa mbali ya mfumu khalidwe limenelo nthawi zina limathandiza. Ukamuopseza wozinga kumanja, n'kumuopsezanso kumanzere, osamupatsa mpata womanga mpanda wake, amayamba kuthamanga m'malo moyala anthu. Loweruka lachitatu ndinamupambana motero. Ndinapereka alonda awiri dala kumpoto, iye anasuntha anthu ake kukawadya, mfumu yanga inatsetsereka kum'mwera. Ndinanena mawu a Asami aja mokweza, tuichu, mpaka mlamu anatuluka m'khitchini kudzaona chachitika.

Mwana wake wamkazi wa sitandade 6 ankangoima pambali masabata onsewo, mbale m'manja, maso pa katoni. Tsiku lina anati, "Amalume, mundilole ndiyeseko." Ndinamupatsa ozinga. Sanadye msilikali wanga ngakhale mmodzi mpaka pakati pa masewera. Ankangotseka, kutseka, kutseka. Bambo ake anakhala pambali osanena kanthu, koma nkhope yawo inkawala. Pano anajambula katoni yakeyake, ndipo akuti anzake a kusukulu ayamba kutolera zitsekerero.

Ndiye amene mukufuna kuyesa, nazi zofunika, ndibwereze komaliza. Katoni kapena pansi posalala. Tizipinda 9 uku, 9 uko. Mfumu pakati, ikhale chinthu chooneka mosiyana, kaya mwala woyera, kaya chitsekerero chachikulu. Alonda awiriawiri mbali zake zinayi. Ozinga anayianayi pakati pa mbali iliyonse ya m'mphepete, atatu pamzere wakunja, mmodzi patsogolo pawo. Ife timayambitsa ozinga. Pampando wapakati sipakhala wina koma mfumu. Yendani molunjika, idyani popana. Mukamaliza ulendo woyamba, musadzuke. Tembenuzani katoni.

Nthawi yathu yatha, omvera. Ine Loweruka likubwerali ndili ndi ngongole pakhonde lija. Ulendo watha ndinazinga, ndiye chitsekerero chachikasu chikundidikira. Katoni yoyamba ija inanyowa ndi mvula, mizere inafufutika, ndipo mnzanga wapeza thabwa la mlombwa kwa kalipentala. Akuti tikajambule limodzi, ine ndibweretse rula.